Mbiya za Pansi pa Msewu

Lorenso anaima pakati pa mtsinje wa Nyambiya, mchenga ukumuwotcha mapazi ngakhale anali mu nsapato za matayala, akumvetsera munthu wovala jekete akumuuza kuti pamenepo panalibe mtsinje.

"Mtsinje wake uti, a kapitawo?" anatero a Chalera, akukankha mchenga ndi nsonga ya nsapato. "Ichi inu mumati mtsinje? Kwathu kumtunda ichi timati bwalo la mpira."

Achinyamata awiri a chipani amene ankayenda nawo anaseka. Amaseka msanga anthu amenewo, nthabwala isanathe n'komwe.

Munali mu Novembala, 1974, ndipo dzuwa la ku Nsanje mwezi umenewo silikambirana ndi munthu. A Chalera anali atafika pa boma mu Juni, Nyambiya atauma kale. Sanamuonepo ali ndi madzi olo kamodzi. Koma ndi iwo amene anaikidwa kukhala wapampando wa komiti yolandira mlendo, ndiye sabata imeneyo mawu awo anali oda.

Nkhani yake inali iyi. Loweruka kunkabwera nduna ina yochokera ku Blantyre kudzatsegula holo yatsopano tsidya la mtsinje. Kuti galimoto ichoke pa boma kukafika ku holoyo, inkayenera kuzungulira, kuwolokera pa kamlatho kakale ka matabwa, kenako kudutsa m'kati mwa Kumchenga. Ndiye Kumchengako ndi kumene kunali vuto. Tinyumba ta bango, mbuzi, ana osavala, theka la anthuwo othawa nkhondo kwa Apwitikizi. Komiti inati ayi, maso a nduna asaone zimenezo. Pulani yake: kukwirira mtsinje ndi khoma la dothi, msewu uwongoke, galimoto idutse pamwamba. Masiku anayi, amuna fote, mafosholo, mawilibala, lole imodzi. Ndipo womanga ndi Lorenso, kapitawo wa misewu ya m'tauni kwa zaka naintini.

"Bwana," anatero Lorenso, chipewa chili m'manja, "makalavati aja afika?"

"Ali m'njira."

"Chifukwa tikatseka opanda kalavati, madzi akabwera asowa podzera."

"Madzi ake ati?" A Chalera analoza kumwamba. Kunali mbee, kopanda olo kamtambo kongonamizira. "Mvula mukuiona inu?"

"Siigwa kuno, bwana. Imagwa uko." Lorenso analoza mapiri a ku Chididi, amene ankaoneka otuwa ndi utsi wa tchire. "Kuno kumakhala dzuwa ngati lomweli, anthu ali pamsika, ndiye mumangomva phokoso. Madzi amafika msinkhu wa munthu, atanyamula mitengo. Akapeza khoma apa sabwerera ayi. Akhotera kumanzere uku, pamene gombe likufika m'mawondo basi. Kumeneko n'Kumchenga. Nyumba sikisite."

A Chalera anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono. Atalankhulanso, ulemu uja unali utatha.

"Iwe Lorenso. Dzina limeneli ndi la kuno?"

"Ndinabadwira kuno, bwana. Ku mishoni kuli buku."

"Nanga bambo ako?"

Lorenso anapinda chipewa chake; bambo ake anali ochokera kwa Apwitikizi.

"Ndangofunsa. Chifukwa masiku ano tikumva kuti pali anthu ena, kudya amadya za dziko lino, koma chitukuko chikabwera amayamba timafunso. Kadi ya chipani uli nayo?"

Anaitulutsa m'thumba la malaya, yonyowa ndi thukuta.

"Isunge bwino. Lachinayi madzulo ndipeze msewu."

Tsiku lomwelo ataweruka, Lorenso sanapite kwake. Anatsata gombe mpaka pa mtapo, dzenje limene azimayi a Kumchenga ankakumbapo dongo loumbira mbiya. Anapezamo mlongo wake wamkulu, Otilia, atalowa mpaka m'chiuno, akudula dongo ndi kakhasu kafupi. Kuyambira ali mwana ankamutcha mana, monga ankachitira kwawo.

"Mana, mwaswera?"

Otilia anamuyang'ana kuchokera pansipo. "Ninji pontho? Kwagwanjinso? Nkhope imeneyo ndi ya maliro kapena ya mowa wa dzulo?"

Anamuuza zonse. Otilia anaseka, koma kuseka koipa, kopanda mano.

"Akuti palibe mtsinje? Tatsika. Tsika, usaope buluku lako la boma."

Khoma la dzenjelo linali ndi mizere, wina pamwamba pa unzake, ngati nsalu zopindidwa mu sutikesi. Chigumula chilichonse chimasiya wake. Otilia anakumba pamenepo zaka sate, ndiye ankaidziwa monga mmene munthu amadziwira zipsera za pa miyendo yake.

"Wakuda uwu, makala," anatero, akukanda ndi chala. "Nthawi ya sitima za pamadzi. Anthu ankadula nkhuni m'mapiri n'kuzitsitsa ndi mtsinje uno kuti sitima zidye. Wofiirira uwu, njerwa. Ofesi imene akukhalamo bwana wakoyo, tchalitchi, siteshoni ya njanji, ndende yomwe, dothi lake linachoka pano. Azungu anamanga tauni ino, Port Herald yawoyo, ndi matope a Nyambiya, atamaliza amvekere munthu wakuda azikhala tsidya. Pansi apa ndinapezapo mikanda, ndi kachitsulo kena kozungulira kamene sindinafune kudziwa kuti kanali pa mwendo wa ndani. Lero kubwera munthu wa miyezi isanu, akuti bwalo la mpira!"

Kenako chala chake chinaima pa mzere wina waukulu, wa mchenga wokhakhala, wonenepa ngati dzanja lonse.

"Ndiye uwu. Uwu ukuudziwa."

Ankaudziwa. Anali ndi zaka sikisi. Mtengo wa mkuyu unagwa n'kupingasa mtsinje, pafupifupi pamalo omwewo pamene ankafuna khoma. Madzi atafika anakhotera kumanzere. Amayi awo anamunyamula iye paphewa, Otilia anagwira nsalu yawo, koma Justina, wapakati, analibe pogwira. Anamupeza patapita masiku atatu, m'bango cha ku Shire.

"Mchenga tikukhalapowu unabwera tsiku limenelo," anatero Otilia. "Nthawi imeneyo tinali nyumba zisanu. Lero sikisite, chifukwa malo amene aliyense akuwakana ndi amene amapatsa obwera."

Lorenso anakhala pansi pa dongo lonyowalo. Mutu unali utazungulira kale njira zonse. Akane? Mawa lomwe aika kapitawo wina, womvera, amanga khoma lolimba, iye ali mu Landirova ya apolisi. Auze anthu asamuke? Asamukire kuti? Ndiponso kumeneko ndiye kufalitsa mphekesera, mlandu wake womwewo. Alembe kalata? Kalatayo ikafikira pa tebulo la a Chalera.

"Ndiye umanga?" anafunsa Otilia.

"Ndimanga."

"Pyadidi, zili bwino. Umange bwino, mwana wa mai. Utsindire kwambiri. Tikamayandama tizidzauzana kuti msewu wa mlongo wathu ndi wolimba."

Mawu amenewo anamulowa ngati munga wa pansi pa phazi. Anatuluka m'dzenjemo osatsanzika. Koma njira yake inadutsa kuseri kwa nyumba ya Otilia, pamene panali mulu wa mbiya zong'ambika powotcha. Imodzi inali itabooka tako lonse. Anaitola, sakudziwanso chifukwa chake, n'kusuzumiramo. Mbali inayo anaona mlongo wake akubwera ndi dongo pamutu.

Anaima choncho nthawi ndithu.

"Mana. Mbiya yopanda tako ndi paipi."

"Wapenga. Chigumula chingadutse m'kamwa mwa mbiya?"

"Sindikufuna chidutse chonse. Ndikufuna madzi alowe m'mimba mwa khoma. Pakati pake ndithira mchenga, katondo ndingomata kunja. Galimoto idutsa bwinobwino, khoma likadali louma. Koma madzi akangolowa m'mbiyamo adya mchengawo m'kati, khoma ligwa lokha, mtsinje upita njira yake ku Shire. Sakhala ndi nthawi yokhotera kuno."

Otilia anatula dongo lija pansi. "Akakugwira?"

"Adzati ndi mvula. Mvula sangaitsekere."

"Zifunika zingati?"

"Sate. Mizere itatu."

Zong'ambikazo zinali leveni. Onse awiri anayang'ana pakhonde, pamene panali mbiya zatsopano zowotchedwa dzana, zakuda bii, zonyezimira, iliyonse ili ndi chizindikiro cha Otilia pakhosi: timizere titatu ndi timaenje ta chala chachikulu. Ntchito ya miyezi iwiri.

"Nkhabe," anatero Otilia. "Nkhabe, Lorenso. Izi ayi."

Lorenso anaika pansi mbiya yobooka ija. Otilia anapita pakhondepo, anatembenuza mbiya yoyamba, anaisisita ngati mutu wa mwana. Kenako anatenga kakhasu kake kaja n'kuboola tako. Pho!

"Usandiyang'ane," anatero. "Bweretsa ina."

Ntchito inayamba Lolemba. A Chalera ankabwera kawiri pa tsiku, eyiti koloko m'mawa ndi folo koloko madzulo. Pakati apo, kuyambira leveni mpaka thu, munthu wa mu ofesi sangaponde mchenga wa Nyambiya mu Novembala, olo mutamulonjeza chiyani. Achinyamata a chipani aja nawonso ankakabisala pansi pa mtengo wa mango kumsika. Otsala pa dzuwa ndi okhawo amene alibe kochitira.

Lachitatu masana, azimayi a Kumchenga anayamba kutsikira mumtsinje, mbiya zili pamutu. Palibe chachilendo. Chilimwe chonse madzi akumwa amachokera m'tizitsime tokumba mumchengamo, ndiye mzimayi wosenza mbiya mu Nyambiya palibe amamuyang'ana kawiri. Kungoti tsiku limenelo ankabwerera opanda kanthu pamutu. Mai Dorika, oyandikana nyumba ndi Otilia, amenenso anali mtsogoleri wa azimayi ovina pa misonkhano, anakumana nawo pagombe. Anayang'ana mbiya yobooka tako, anayang'ana khoma, n'kutembenuza nkhope ngati akufuna mbuzi yawo.

Lorenso anazindanda yekha, khosi la iyi kulowa m'tako la iyo, mizere itatu kuchokera mbali ya kumtunda mpaka ya kumunsi. Kukamwa anatsekako ndi udzu. Amuna fote aja ankangothira mchenga, osafunsa. Ambiri a iwo nyumba zawo zinali Kumchenga komweko.

Maliko, wamkulu pa gulu lonselo, anaima ndi wilibala pambali pake.

"A kapitawo, ine sindikuona kanthu. Maso anga awonongeka ndi dzuwali."

"Akawonongeka choncho musapite nawo kuchipatala, a Maliko."

"Ndi tenepo, ndi choncho."

Pamwamba anathira katondo wofiira wochokera m'munsi mwa phiri, anatsindira, m'mbali anamata bwino ngati chipupa cha nyumba ya ukwati, n'kundanda miyala yopaka laimu uku ndi uku. Kunena zoona msewu unakongola. Ndipo chimenecho ndi chimene chinkamuwawa Lorenso. Zaka naintini, sanaberepo ntchito olo fosholo imodzi. Mlatho wa matabwa uja anaukhoma yekha ali wachinyamata ndipo unalipobe. Lero wamanga bodza, lopaka laimu.

Lachinayi madzulo a Chalera anabwera ndi Landirova. Anadutsa, anabwerera, anadutsanso. Anatsika, anadumpha kawiri pakati penipeni. Pansi pa nsapato zawo panali mbiya sate.

"Mwaona, a kapitawo? Madzi, madzi, madzi. Ndi lolimba kapena si lolimba?"

"Ndi lolimba, bwana."

"Nenani mokweza, anthu anu amve."

"Ndi lolimba!"

Popita kunyumba anapempha Mulungu chinthu chimodzi basi: mvula idikire mpaka Lamulungu. Mlendo adutse, anthu abalalike, ndiye Nyambiya abwere adzatenge zake pamsewu popanda munthu.

Lachisanu cha m'ma thu koloko kunali kuyeserera. Komiti inagwirizana kuti nduna idzaima pakati pa msewu watsopanowo kudula riboni, ndiye azimayi ovina ndi ana a sukulu anawandanditsa pamwamba pa khomalo, mbali zonse ziwiri, anthu okwana mwina thu handiredi. Azimayi mu nsalu za chipani, ana ndi timbendera ta mapepala. Kumapeto onse awiri kunaima achinyamata ndi ndodo, kuti wina asazembe. Otilia analipo, mzere wachiwiri, chifukwa mai Dorika ankaitana mayina ndi pepala.

Lorenso anali pansi, akupaka laimu miyala yotsala. Mtambo anauona kuyambira masana, wakuda, utakhala pamutu pa mapiri osasuntha. Anadziuza kuti mwina ungodutsa. Kenako mphepo inatsika ndi mtsinje, yozizira, yonunkha phulusa lonyowa. Anasiya bulashi. Anapita pa kachitsime kena mumchengamo n'kusuzumira. Madzi amene m'mawa anali pansi penipeni anali atakwera, ndipo anali atada. Mbuzi zimene zinkagona pamthunzi wa gombe zinali zitanyamuka zokha, zikukwera kumtunda.

Pamwamba paja nyimbo inayamba kutsimphina. Azimayiwo ndi obadwira pa Nyambiya, fungo limenelo amalidziwa. Maso awo onse ankathawira kumapiri. Koma miyendo inkavinabe. Tangoganizani, anthu akuluakulu, obereka, akudziwa chimene chikubwera, koma kuopa ndodo ya kamnyamata kovala malaya ofiira kuposa madzi.

Lorenso anakwera khomalo akuthamanga.

"Bwana, madzi akubwera. Anthu atsike."

A Chalera anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali phwee. "Mwayambanso?"

"Ndithu, bwana. Mphindi teni sizikwana."

"Abwere. Tiwaonere pamwamba pano. Khomali ndi lolimba, munanena nokha dzulo, anthu onse akumva." Anatembenukira kwa azimayi aja. "Mai Dorika! Nyimbo yafa bwanji? Palibe achoke pamzere mpaka nyimbo zonse zitatu zithe!"

Mai Dorika anayambitsanso nyimbo.

Lorenso anaima pakati pa msewu wake. Akanangokhala chete, palibe akanadziwa. Khoma likanagwa, anthu akanati mvula, ndipo iye akanakhalabe kapitawo, wa kadi m'thumba. Anayang'ana ana aja, timiyendo totuwa, timbendera tikupepeluka. Anayang'ana Maliko, Maliko anayang'ana pansi. Anayang'ana Otilia. Otilia sankavina. Ankangomuyang'ana, milomo itatsekedwa, ndipo iye sanathe kudziwa ngati maso amenewo ankati nena kapena usanene.

Kenako anamva. Kutali, ngati sitima ya katundu ikamachoka ku Bangula.

Analanda fosholo m'manja mwa Maliko, anatsetserekera mbali ya kumtunda ya khomalo, n'kubaya. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu katondo uja anasupuka ngati khungu la chilonda, mchenga woyera unakhuthuka, ndipo panaonekera kamwa la mbiya, lakuda, udzu uli m'kati.

"Taonani!" anakuwa. "Khomali ndi la mchenga! M'katimu muli mbiya! Ndinaika ndine, ndekha! Ligwa ili! Tsikani! Tengani anawo, tsikani!"

Oyamba kuthawa anali a ndodo aja. Ndodo anazitaya pomwepo. Azimayi anagwira ana aliyense amene anali pafupi, wako kaya wa mnzako, ena kuthamangira mbali ya boma, ena mbali ya holo. A Chalera anaima kaye, pakamwa pali yasa, akuyang'ana mbiya ija, mpaka phokoso lija litakula ndi pamene miyendo yawo inakumbuka ntchito yake.

Lorenso anakwera gombe womaliza, ndipo Nyambiya anafika.

Anafika wofiira, wa thovu, atasenza zitsa, mitengo yathunthu, denga la nkhokwe ya munthu wina wa kumapiri. Anamenya khoma n'kuima. Ndiye anayamba kukwera. Anthu a Kumchenga, amene anathawira mbali yawo, sankayang'ananso khoma, ankayang'ana gombe lawo lalifupi lija. Madzi anafika m'mphepete. Anasefukira. Analowa mu mtapo wa Otilia n'kuudzaza kamodzi n'kamodzi. Lilime lina linakwawa pamchenga, linadutsa pa khola la nkhuku, linakanyambita khonde la mai Dorika, nyumba yoyamba. Wina anayamba kulira maliro.

Kenako kumunsi kwa khoma kunatumphuka madzi, mipita itatu, ikuchita mluzu. Mipitayo inakula, inasanduka umodzi. Pamwamba pa msewu panaoneka mng'alu, pomwe paja a Chalera anadumpha dzulo lake. Miyala ya laimu inayamba kugwera m'madzi umodziumodzi. Ndiye pakati ponse panangoti fwaa, kukhala pansi, ndipo mtsinje unadutsa, kunka ku Shire monga unkachitira tauni ino isanakhale ndi dzina.

Lilime lija pakhonde la mai Dorika linaima. Linabwerera, n'kusiya thovu ndi timitengo.

Palibe analulutira. Olo mmodzi.

Landirova inazungulira pa mlatho wa matabwa n'kufika madzi asanaphwe. A Chalera anatsika ndi apolisi awiri, buluku lili matope mpaka m'mawondo, m'manja muli phale limene madzi analavulira pagombe. Linali la pakhosi. Timizere titatu, timaenje ta chala.

"Chizindikiro ichi ndi cha ndani?"

Kumchenga konse kunkadziwa. Kumchenga konse kunayang'ana pansi. Otilia anasuntha phazi kuti atuluke pagulu, koma Lorenso anayamba ndiye.

"Ndi cha mlongo wanga uyo. Ndinamubera. Kuseri kwa nyumba ndi pakhonde pomwe. Mufunseni, sabata yonse wakhala akutukwana wakuba."

"Zoona zimenezo, mai?"

Otilia anayang'ana mlongo wake. Lorenso anamuyang'ananso, ndipo ulendo uno maso ankanena zomveka.

"Mbava iwe," anatero Otilia, mawu akutuluka ngati akumeza mchenga. "Miyezi iwiri ndikuumba. Mbava yopanda manyazi. Mai akanakhala moyo..." Sanamalize.

"Nanga inu a mawilibala?"

"Ife timangothira pamene atiuza, bwana," anatero Maliko.

Apolisi anamukweza Lorenso kumbuyo kwa Landirova. Chipewa chake chinagwa pansi ndipo palibe anachitola mpaka galimoto itakhota.

Loweruka nduna inabwera pa nthawi yake. Inadutsa pa mlatho wa matabwa womwe uja, n'kulowa m'kati mwa Kumchenga, koma sinaone kanthu, chifukwa kuyambira m'mawa anthu a Kumchenga analamulidwa kudula bango n'kumanga mpanda mbali zonse ziwiri za njira, kubisa nyumba zawo zomwe. Ku holo azimayi anavina nyimbo zonse zitatu. Otilia anavina nawo, dzina lake linali pa pepala. A Chalera polankhula anati chitukuko chili ndi adani, ena amadya nafe mbale imodzi, koma maso a chipani sagona, mmodzi wagwidwa kale dzulo atawononga msewu wa anthu. Anthu anawomba m'manja. Anthu omwewo, amene mphasa zawo zinali zouma, ana awo ali pambali pawo ndi timbendera tatsopano. Anawomba mpaka manja kuwawa, aliyense akuyang'ana ngati mnzake wasiya.

Za Lorenso, ena ankati anamutengera kumtunda, ena ankati anakamutaya pa malire. Pofunsa panalibe. Pa chitsime azimayi anayamba kumupatsa mpata waukulu Otilia, waukulu kwambiri, moti ankatunga yekha. Makalavati aja anafika mu Januwale. Anawatsitsa pa siteshoni n'kukhala pomwepo, mbuzi zikugonamo masana.

Mtapo unauma mu Ogasiti. Otilia anatsikamo ndi kakhasu kake, anachotsa zinyalala ndi matope a pamwamba, n'kusenga khoma la dzenjelo kuti aone pamene dongo labwino layambira. Mizere yonse inalipo. Makala, njerwa, mchenga wa Justina. Ndipo pamwamba pa yonse panali watsopano, wofiira kwambiri, wa katondo wa m'munsi mwa phiri, muli timadontho toyera ta laimu.

Chithunzithunzi cha munthu chinagwera m'dzenjemo. Anali mai Dorika, ataima m'mphepete, manja ali kumbuyo. Miyezi naini anali asanamulankhule.

"Mtsuko wanga wang'ambika," anatero, osamuyang'ana kumaso. Kenako analoza ndi chibwano. "Chofiiracho muchichotse, anzanga. Katondo amang'ambitsa mbiya pamoto."

"Ndikudziwa."

"Ndangonena."

Otilia anaika chala chachikulu pa mzerewo kuti auyeze. Amuna fote, masiku anayi, mbiya sate, mlongo wake mmodzi. Chala chinauphimba wonse.

Anasuntha pang'ono n'kuyamba kukumba cha pambali, pansi pake, mosamala kuti khasu lisaukhudze.